Zitaganya Ziwiri: Cha Dzulo ndi cha pa Intaneti

Nkhani ya lero tiyambira ku Kande, m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa Chintheche.

Mawu oti chitaganya sakoma m'makutu a munthu wa ku Nkhata Bay. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinadza mu 1953 popanda kufunsa eni nthaka, ndipo pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera khamu pa doko la Nkhata Bay, napha anthu osachepera 20. Komatu dera lomweli linali litadziwa kale mgwirizano wa mtundu wina. Mu 1914 anthu ophunzira ku mishoni ya Bandawe anakhazikitsa West Nyasa Native Association. Ku Karonga bungwe lotere linayamba mu 1912, ku Mzimba mu 1920. Lililonse linali ndi atsogoleri ake ndi malamulo ake, koma ankalemberana makalata, kufikira mu 1944 pamene mabungwe otere anagwirizana mwa kufuna kwawo, napanga Nyasaland African Congress motsogozedwa ndi Levi Mumba.

Kusiyana kwa zitaganya ziwirizi kwaonekanso pa intaneti. Msodzi wa ku Kande akamacheza pa Facebook ali m'nyumba ya eni: kampani ndiyo isunga zithunzi zake, ndiyonso isintha malamulo osam'funsa. Ambiri anazindikira izi mu Okutobala 2022, pamene Elon Musk anagula Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Khamu linasamukira ku Mastodon, pulogalamu imene Eugen Rochko wa ku Germany anatulutsa mu 2016.

Mastodon si bwalo limodzi ayi. Sukulu, mpingo kapena gulu la asodzi lingathe kuika pulogalamuyi pa kompyuta yake yosazima, yotchedwa seva, ndi kukhala ndi bwalo lakelake. Mabwalowa amamvana kudzera m'pangano la ActivityPub, lovomerezedwa mu 2018, monga momwe foni ya TNM imaimbira ya Airtel. Aliyense akhala kwawo, koma uthenga ufika kwa anzake.

Izi zatheka chifukwa cha mapulogalamu osabisa kalembedwe kake. Mu 1983 Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU, ponena kuti munthu ayenera kukhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, kuiphunzira, kuisintha ndi kugawira ena. Mu 1991 Linus Torvalds wa ku Finland anatulutsa Linux, imene lero imayendetsa maseva ambiri pa dziko lapansi.

Kuno kwathu njirayi si yachilendo. Mu 2001 Gerry Douglas anayamba kulembetsa odwala pa makompyuta ongogunda ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Ntchitoyo inabala bungwe la Baobab Health, limene linasankha mapulogalamu osabisa ndi kuika seva pa chipatala pomwepo, yothandizidwa ndi mabatire magetsi akazima. Akatswiri Achimalawi ndiwo ankasintha mapulogalamuwo kuti agwirizane ndi zipatala zathu, osadikira chilolezo cha kunja.

Koma tisanamizane, omvera: mwini bwalo ndiye asesa bwalo. Woika seva ayenera kulipira magetsi kapena kugula sola, kulipira intaneti mwezi ndi mwezi, kusunga makope a zonse kuopa kuti kompyuta ingafe, ndi kuweruza milandu ya otukwana ndi ofalitsa mabodza. Akalekerera, mabwalo ena ali ndi ufulu wom'tsekera khomo. Mutu umodzi susenza denga. Pamafunika komiti, msungichuma ndi msonkho wa mamembala, monga zinalili mu 1914.

Tsono gulu la ku Kande likadzakhala pansi kusankha kochezera, lisangofunsa kuti, "Kodi n'zaulere?" Lifunsenso kuti, "Kiyi wa nyumbayi asunga ndani, ndipo tikafuna kutuluka, tidzatuluka ndi katundu wathu?"