Laputopu yakale: kukonzetsa kapena kugula ina?

Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza kwaulere zotetezera za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Chiganizochi chakhudza eni malaputopu ambiri m'Malawi, chifukwa makina ochuluka omwe ali m'maofesi, m'sukulu ndi m'makomo ndi a kaunjika ndipo sakwanitsa zofunika za Windows 11. Zadza pamene mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera kale kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kulemera kwa funsoli kumaoneka bwino m'madera ngati Misuku m'boma la Chitipa. Kumeneku n'kumapiri, kufupi ndi malire a Tanzania, ndipo munthu amafikako akapatuka pa Kapoka mu msewu wa Karonga-Chitipa. Mphunzitsi, wazaumoyo kapena mlembi wa gulu la alimi a khofi omwe amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union akaonongekeredwa laputopu, sangothamangira ku shopu ya pafupi monga achitira a mu Limbe kapena ku Area 2 mu Lilongwe. Makinawo amayenera kuyenda ulendo wa ku Chitipa boma, ku Karonga kapena ku Mzuzu, ndipo ntchito imaima mpaka atabwerako. Makina omwe angapirire moyo wa ku Misuku angatumikirenso bwino munthu wa m'tauni.

Zomwe zimayamba kutha

Laputopu siifa yonse nthawi imodzi. Pali ziwalo zinayi zomwe zimatha msanga, ndipo zonse n'zosinthika pa makina ambiri akale.

Choyamba ndi batire. Mabatire a lithium-ion amafooka akatchajidwa ndi kutha maulendo mazana angapo, kawirikawiri pakati pa 300 ndi 500. Pa Windows, lamulo la powercfg /batteryreport limatulutsa lipoti loonetsa mphamvu yomwe batire linabadwa nayo ndi yomwe likusunga tsopano. Batire lotupa, lomwe limakankha kiyibodi kapena chivundikiro chapansi, n'loopsa chifukwa likhoza kuyaka. Lichotsedwe msanga, ndipo lisabooledwe kapena kuponyedwa pamoto.

Chachiwiri ndi hadi disiki. Mkati mwake muli mbale zozungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi ndi kasingano kowerenga. Kugwa kapena kugwedezeka kwambiri, makamaka makina ali oyaka, kumaononga mbalezo. Chizindikiro chake n'kuchedwa kutsegula mafayilo ndi kaphokoso kogogoda.

Chachitatu ndi fani pamodzi ndi phala loziziritsa purosesa. Fumbi likatseka njira za mpweya, phalalo n'kuuma, makina amatentha, amachedwa ndipo amazima okha. Ambiri amaganiza kuti laputopu yatha, pamene ikungofuna kupukutidwa ndi kupakidwa phala latsopano.

Chachinayi ndi chaja ndi kabowo kake, pamodzi ndi mahinjesi ogwira sikirini. Izi zimatha ndi kukokedwa komanso kutsegula laputopu mogwira ngodya imodzi.

Nthawi yokonzetsa ndi nthawi yosiya

Vuto likakhala pa chimodzi mwa ziwalo zinayizi, kapena pa kiyibodi, kukonzetsa n'kwanzeru. Kusintha komwe kumabweretsa phindu lalikulu n'kuchotsa hadi disiki n'kuikamo SSD. Hadi disiki ya laputopu imawerenga pafupifupi mamegabayiti 100 pa sekondi, pamene SSD ya mtundu wa SATA imafika pa 500. SSD ilibe chozungulira mkati, choncho imapirira mabampu a misewu ya fumbi pa njinga yamoto. Kuonjezera RAM kufika pa magigabayiti 8 kumathandizanso makina kutsegula masamba ambiri a pa intaneti popanda kuima.

Zinthu zimasintha vuto likafika pa motherboard, lomwe ndi bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse. Likapsa ndi mphenzi kapena kudyeka ndi madzi, kukonza kwake kumafuna zida ndi luso lomwe silipezeka paliponse, ndipo nthawi zina vuto limabwereranso pakapita miyezi yochepa. Chimodzimodzi makina omwe RAM ndi chosungira mafayilo zinamatidwa pa bolodi: chimodzi chikafa, zonse zapita.

Muyeso wothandiza ndi uwu: mtengo wokonzera ukapitirira theka la mtengo wa laputopu ina ya kaunjika yofanana nayo mphamvu, ndi bwino kugula ina. Wa ku Misuku aphatikizepo ndalama ya ulendo wopita ndi kubwera komanso masiku omwe ntchito idzaime. Kukonzetsa kwa ndalama zochepa komwe kukufuna maulendo awiri a ku Mzuzu sikulinso kotchipa.

Nkhani ya Windows 11

Windows 11 imafuna RAM yosachepera magigabayiti 4, malo osungira mafayilo a magigabayiti 64, kachipangizo kotetezera ka TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, mwachidule, ndi kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Kuyambira m'badwo wachiwiri mpaka wachisanu ndi chinayi, m'badwo umadziwika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-2520M ndi wachiwiri, i5-3320M ndi wachitatu, i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu. Wogulitsa akangonena kuti ndi Core i5, sananene kanthu, popeza dzinali lakhala pa mapurosesa kuyambira 2009.

Laputopu ya Windows 10 siinasiye kugwira ntchito. Imayaka, imalemba ndi kusindikiza monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti mipata yomwe akuba a pa intaneti angaitulukire siitsekedwanso, kupatula kwa omwe analembetsa ndondomeko yoonjezera ya Microsoft yotchedwa Extended Security Updates. Wogwiritsa ntchito makinawo polowa ku banki kapena kusunga mayina ndi malipiro a anthu ena ayenera kulingalira mofatsa.

Njira ina ndi kuikamo Linux, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, womwe unatuluka koyamba mu Okutobala 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina lake ndi liwu lomwe kwathu kuno timati umunthu. Linux Mint, yomwe inamangidwa pa Ubuntu, imaoneka mofananako ndi Windows ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Musanasamuke, fufuzani ngati makina anu osindikizira komanso mapulogalamu a kuntchito kwanu amayenda pa Linux, chifukwa ena anapangidwira Windows yokha.

Mitundu yomwe inatchuka ndi kulimba

Malaputopu omwe amakhalitsa ndi omwe anapangidwira makampani ndi maboma. Amatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo chifukwa anagulidwa ochuluka, zipangizo zake zimapezeka mosavuta kwa amisiri.

ThinkPad inayambitsidwa ndi IBM mu 1992, ndipo Lenovo ya ku China inagula nthambiyo mu 2005. T420 ndi X220 za 2011 zimakondedwa chifukwa cha kiyibodi yakale ya mizere isanu ndi iwiri yomwe olemba kwambiri amaiyamikira. T430 ndi X230 za 2012 zinasintha kiyibodi koma zimalandira RAM mpaka magigabayiti 16, ndipo batire lake limachoka popanda kumasula chilichonse. Zonsezi sizili pa mndandanda wa Windows 11, choncho tsogolo lake lili pa Linux. T440 ya 2013 inadandaulitsa ambiri chifukwa anachotsa mabatani a pa touchpad, omwe anabwezeretsedwa pa T450. Yomwe ikuyenera kuganiziridwa kwambiri lero ndi T480 ya 2018: ili ndi malo awiri a RAM, ndipo kuwonjezera pa batire lamkati ili ndi lina lakunja losinthika makina ali oyaka.

Ku Dell, mtundu wa Latitude ndiwo wa maofesi. E6420 ya 2011 ndi E6430 ya 2012 n'zolemera koma zolimba thupi. Latitude 5490 ndi 7490 za 2018 n'zopepuka ndipo zambiri zimalandira Windows 11. Dell ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa: imazindikira chaja yake kudzera pa kasingano ka pakati pa mutu wa chajayo, ndipo ikapatsidwa yosazindikirika imatha kuyaka koma osatchaja batire.

Ku HP, EliteBook 8470p ya 2012 ndi ya gulu lakale lolimba, 840 G3 ya 2016 ili pakatikati, pamene 840 G5 ya 2018 ndiyo ikugwirizana ndi zofuna za masiku ano.

Pa mitundu ya 2018 imeneyi pali msampha. T480, Latitude 5490 ndi 7490, ngakhalenso EliteBook 840 G5, zina zinatuluka ndi purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, monga i5-7300U. Thupi n'lofanana, koma Windows 11 siivomereza purosesa imeneyi. Nambala ya purosesa ionedwe pa makina penipeni, osati pa kapepala komatidwa kunja.

Kwa okonda Apple, MacBook Pro ya mainchesi 13 ya pakati pa 2012 ndi yomaliza yokhala ndi malo a DVD, ndipo RAM ndi disiki yake mwini angathe kusintha. Inagulitsidwa mpaka 2016, koma macOS yomaliza yomwe imalandira ndi Catalina ya 2019, yomwe nayo inasiya kulandira zotetezera. Zipangizo zake n'zosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Magetsi, chinyezi ndi fumbi

Komwe magetsi a ESCOM sanafike kapena amazimazima, anthu amadalira sola, ndipo pamenepa zaka za makina zimaoneka. Mapurosesa a T420 ndi T430 anapangidwa pa muyeso wa mawati 35, pamene i5-8250U ili pa mawati 15. Pa batire laling'ono la sola, kusiyana kumeneku ndi maola a ntchito ya usiku. Chaja yolumikiza mwachindunji ku batire la mavoti 12, ngati ya m'galimoto, imataya mphamvu yochepa kusiyana ndi kudutsira pa inveta, bola ikhale yotulutsa mavoti oyenera. ThinkPad zakale zimafuna mavoti 20, pamene Latitude zimafuna 19.5. Manambalawa alembedwa pansi pa laputopu ndi pa chaja, ndipo ayenera kugwirizana.

Mapiri a Misuku amafika mamita pafupifupi 2,000, ndipo nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zimakhala ndi nkhungu ndi mvula yambiri. Nyengo yokomera khofiyi siikomera makina. Chinyezi chimadya timawaya ta pa bolodi pang'onopang'ono, choncho laputopu isungidwe m'chikwama chouma, osati pansi kapena pafupi ndi khoma lonyowa. Ikathiridwa madzi kapena tiyi, izimitsidwe pomwepo, batire lichotsedwe ngati n'kotheka, ndipo isayatsidwe mpaka mmisiri ataitsegula. Kuiika mu mpunga sikuchotsa madzi omwe alowa pansi pa tizipangizo. Mvula ya mabingu ikayamba, chaja izulidwe pa khoma. M'chilimwe mdani ndi fumbi: makina asagwiritsidwe ntchito pa bulangeti kapena pa matiresi pomwe mabowo a mpweya amatsekeka.

Pogula ya kaunjika

Kaya mukugula mu Blantyre, mu Lilongwe, mu Mzuzu kapena kutsidya ku Tunduma ndi ku Mbeya, komwe anthu ambiri a ku Chitipa amakagula katundu, makina ayesedwe ndalama isanatuluke. Lembani ndi batani lililonse la kiyibodi. Onetsani tsamba loyera ndi lakuda kuti madontho a pa sikirini aoneke. Yesani mabowo onse a USB, Wi-Fi, kamera ndi zokuzira mawu. Zulani chaja muone ngati batire likugwira. Lowani mu BIOS kuti mutsimikize kuti mulibe pasiwedi, chifukwa pa ThinkPad pasiwedi yoiwalika ya m'menemo ndi yovuta kwambiri kuichotsa. Siyani makina akuyenda kwa mphindi 20 kuti mumve fani ndi kutentha kwake.

Pemphani lisiti lokhala ndi nambala ya makinawo, dzina la wogulitsa ndi masiku omwe akulolani kubweza. Lisitili limakutetezani ngati zitadziwika kuti katunduyo ngwakuba. Madandaulo a ogula amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, koma zogula kunja kwa malire n'zovuta kuzitsatira.

Mafayilo ndi mathero a makina akale

Chamtengo wapatali mu laputopu si chitsulo chake koma zomwe zili mkati: mndandanda wa alimi ndi makilogalamu omwe anapereka, zotsatira za ophunzira, zithunzi za banja. Zikopedwe pa fulashi kapena pa disiki yakunja makina asanapite kwa mmisiri. Laputopu ikafa bolodi, kawirikawiri disiki yake imakhala ili bwino, ndipo ikaikidwa m'kabokosi ka USB mafayilo amawerengeka pa kompyuta ina. Pogulitsa kapena popereka makina, disiki ifufutidwe kotheratu kapena ichotsedwe, popeza kungotaya mafayilo mu Recycle Bin sikuwachotsa.

Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 likusonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo 22.3 peresenti yokha ndi yomwe inasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Makina akale samathera kudzala nthawi zonse: bungwe la The Turing Trust la ku Britain, mogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu, lakhala likuika makompyuta okonzedwanso m'sukulu za chigawo cha kumpoto. Laputopu yakufa kwenikweni ipite kwa amisiri, omwe amachotsamo sikirini, RAM, kiyibodi ndi mahinjesi n'kuukitsira nazo makina ena. Batire lake lisatayidwe m'chimbudzi, m'munda kapena pafupi ndi mtsinje.