Nyumba ya Masongola ndi Nkhondo ya Kawinga

Munthu wochokera kwa Kawinga akafika ku Zomba, m'tsinde mwa phiri amaona nyumba yakale ya nsanja ziwiri zosongoka, imene anthu anaitcha Masongola. Ambiri amangoidutsa osadziwa kuti mbiri yake ndi yolukana ndi ya makolo awo.

Nyumbayi inamangidwa m'chaka cha 1886 ndi John Buchanan kuti mukhale kazembe wa Britain, A.G.S. Hawes. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Harry Johnston anakhala m'menemo, ndipo inasanduka likulu la boma la atsamunda.

Pa nthawiyo Mfumu Kawinga ya Ayao inali ndi linga lolimba pa phiri la Chikala. Inkachita malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo inakana kugonjera Azungu. Asilikali a boma anaithira nkhondo mu 1891 koma analephera kulanda phirilo. Mu 1895 ankhondo a Kawinga anaukira mudzi wa Malemia pafupi ndi mishoni ya Domasi. Apa boma linabwezera mwamphamvu, Chikala anagwa, mfumuyo nithawira ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi.

Patapita zaka, akuluakulu a boma anasamukira ku nyumba ina. Yakaleyo inakhala yogonamo alendo a boma, kenaka inasandulika hotela, ndipo zidzukulu za anthu ogonjetsedwa aja zinayamba kuchitiramo misonkhano ndi madyerero.

Kusintha kotere kunachitikanso maiko ena. Ku Vienna, m'dziko la Austria, kuli chinyumba chokongoletsedwa mwaluso chimene chinatha kumangidwa mu 1735 kuti ana a mafumu aziphunziriramo kukwera akavalo. Mu 1814 munachitikira zisangalalo za atsogoleri a ku Ulaya, ndipo mu 1848 munakumana nyumba ya malamulo yoyamba ya dzikolo. Mpaka lero akavalo amaonetsedwamo, anthu nachitiramonso maphwando.

Ena amati nyumba za atsamunda n'zongokumbutsa mabala, choncho zigwe. Koma tikazigumula tidzakhala tafafaniza mboni. Nyumba imalimba pokhalamo anthu, pakuti yosiyidwa imadyedwa ndi chiswe. Chofunika n'chakuti ovina m'nyumba yotere auzidwe mbiri yonse: nkhanza za ukapolo, ukali wa atsamunda, ndiponso kulimba mtima kwa amene anaima pa Chikala.