Za Nyimbo Zozinga Munthu: Bwalo la kwa Tengani ndi Makina a Masiku Ano

Munthu akayenda madzulo pa msika wa kwa Tengani, kapena pa Bangula, kapena pa boma la Nsanje, makutu ace sapuma konse. Apa pali nyumba ya kanema, apo pali wometa tsitsi ndi sipika yace pakhomo, ndipo yense afuna kuti phokoso lace lipose la mnzace. Tsopano anyamata obwera ku Joni ayamba kufika ndi katundu wina amene makolo athu sanamdziwa, ndiye bokosi la masipika 6, limene eni ace alicha home theatre. Iwo amati, ukakhala pakati pa masipikawo, nuitana nyimbo ya pa intaneti, nyimboyo idzakuzinga. Woyimba adzakhala patsogolo pako, ng'oma kumbuyo, ndi mau ena pamwamba pa mutu. Akuru akamva izi amafunsa kuti, Kodi cacilendo nciani pamenepa? Funsoli ndi la nzeru, ndipo tifuna kuliyankha ndi mbiri.

Tiyambe ndi khutu lomwe. Msodzi wokhala m'bwato pa Shire usiku wa mdima bii, akamva mvuu ikupuma, adziwa pomwepo mbali imene iri, ngakhale saiona. Adziwa bwanji? Mau ayenda m'mlengalenga mamita ngati 340 pa sekondi imodzi, ndipo ocokera kudzanja lamanja afika msanga ku khutu lamanja, nacedwa pang'ono kufika ku lamanzere. Kucedwako nkocepa ndithu, kosakwana gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo ukuzindikira. Mutu nawonso uchinga mau, kotero kuti khutu lakutali liwamva ofoka. Ndi makwinya a khutu asintha mau pang'ono monga mwa kumene acokera, kutsogolo, kumbuyo kapena kumwamba. Nzeru yonse ya makina amene tinena lero yatsamira pa zinthu zitatu izi.

Makolo a m'cigwa cino sanadziwe ziwerengero zimenezi, koma anadziwa kugwira nazo nchito. David Livingstone pokwera Shire ndi sitima yace Ma Robert m'caka ca 1859, anaimitsidwa pa mudzi wa mfumu Tengani ndi khamu la anthu a mauta ndi mibvi. Ndipo analemba m'buku lace kuti mfumuyo inali kukhoza kusonkhanitsa amuna mazana m'kanthawi kocepa ndi kulira kwa ng'oma zace zazikuru. Munthu wa kudimba pakumva ng'oma sanafunse kuti tipite kuti; khutu linamuuza njira.

Koma pa bwalo la gule ndi pamene cinthuci cinaoneka bwino. Pa likhuba la Amang'anja ng'oma ziri zambiri, yonse ndi liu lace, zina zoothetsa pamoto kuti zikwere, zina zomata phula pakati kuti zitsike. Oomba m'manja ali mbali iyi, akazi obvomera nyimbo ali mbali iyo, ndipo wobvina ali pakati pa zonse. Koposa apo ndi gule wa nyanga, wa Anyungwe a ku Tete, amene adziwikanso m'cigwa ca Shire, ndipo Andrew Tracey analemba za iye m'caka ca 1971. Amuna aima mozungulira, yense ali ndi zitoliro zace zowerengeka zomanga pamodzi. Aomba liu limodzi, nayimba lina ndi pakamwa, nasiya mpata kuti mnzace alowetsepo lace. Palibe mmodzi wa iwo amene ali nayo nyimbo yonse. Nyimboyo ikhala pakati pao, ndipo iwo akamayenda mozungulira, ndi masece akulira m'miyendo, nyimbo nayo izungulira. Mwana woima kunja kwa bwalo amva cina, nkhalamba yokhala pafupi ndi zitoliro zazikuru imva cina, ndipo onse awiri amva zoona.

Cimene cinacotsa kuzinga kumeneku ndi makina. Thomas Edison wa ku America anapanga coyamba cosunga mau m'caka ca 1877, ndi Emile Berliner anatsata ndi galamafoni ya mbale m'caka ca 1887. Zinali zodabwitsa zedi, pakuti munthu wakufa anakhoza kuyimbanso. Koma mau onse, a anthu khumi kapena makumi asanu, anali kuturuka pa bowo limodzi, monga khamu lopanikizana pa khomo limodzi la nyumba. Galamafoni inafika m'midzi yathu ndi amuna obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo njanji ya ku Port Herald, imene inali kupita pa Tengani ndi kufika ku Blantyre kuyambira 1908, inanyamula zotere pamodzi ndi masutikesi ao. Pambuyo pace, m'caka ca 1949, inadza wailesi yocipa yonga poto, yochedwa Saucepan Special, yogula mapaundi 5 osawerengera batire, imene inamvetsa anthu nyimbo ndi nkhani za m'Cinyanja zocokera ku Lusaka. Iyonso inali ya pakamwa pamodzi. Anthu amene kale anali kukhala m'kati mwa nyimbo anaphunzira kukhala pansi mozinga kabokosi. Tinganene kuti zinthu zinatembenuka, anthu ndiwo anazinga nyimbo.

Azungu ena anaona cosowaco kale lomwe. Ku Paris m'caka ca 1881, Clément Ader anaika zomvera mau zingapo kutsogolo kwa nsanja ya oyimba, natumiza mauwo pa mawaya a lamya kunka ku nyumba yina, kumene munthu anaika comvera cimodzi ku khutu ili ndi cina ku khutu ilo. Omverawo anazizwa pozindikira kuti akhoza kuloza kumene woyimba waima. Taonani, owerenga athu, kuti kutumiza nyimbo pa waya kwa munthu wokhala kutali, kumene ana athu ayesa nzeru ya dzulo, kwatha zaka zoposa 140. M'caka ca 1931 Mngelezi Alan Blumlein analembetsa njira yolemba mau a kumanja ndi a kumanzere mu mzera umodzi wa mbale. Iye anafa pa ngozi ya ndege m'caka ca 1942, pa nchito ya nkhondo, asanaone zipatso zace. Pakuti mbale za mbali ziwiri, zimene ticha stereo, zinayamba kugulidwa ndi anthu ambiri m'caka ca 1958.

Caka cimeneci tisacipitirire msanga, cifukwa ndico caka comwe Hugh Tracey anafika m'boma la Port Herald, ndilo Nsanje lero, ndi galimoto zace ndi makina ace, najambula nyimbo za Amang'anja, ndi ng'oma za likhuba zomwe. Munthuyu anali atakhazika nyumba yosungira nyimbo za mu Africa, International Library of African Music, m'caka ca 1954, ndipo nyumbayo inasamukira ku Rhodes University ku South Africa m'caka ca 1978, iye atamwalira kale m'caka ca 1977. Tiyenera kumyamika, pakuti popanda iye mau a agogo athu a nthawi ija akadapita ndi mphepo. Koma tione umo anajambulira. Anali kugwira maikolofoni imodzi m'dzanja, nayenda nayo pakati pa oyimba, kuisendeza kwa uyu, kenaka kwa uyo, kuti womvera azindikire mbali ya yense. Inali nzeru yabwino kwa wofuna kuphunzira kaombedwe. Komabe maikolofoni imodzi ndiyo khutu limodzi. Liu la ng'oma yonse linasungika, koma malo ace pa bwalo sanasungike. Sitingamve m'mbalezo kuti ng'oma yaikuru inaima kuti, ndi akazi obvomera anali mbali iti.

Za kuzinga kweni kweni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, zinakulira m'nyumba za kanema. Walt Disney anayesa m'caka ca 1940 ndi kanema wace Fantasia, koma makina ace anali a mtengo wapatali, ndipo nyumba zowerengeka zokha zinawaika. M'zaka za m'ma 1970 makampani anagulitsa mbale za masipika anai. Nchitoyo inagwa, cifukwa kampani iri yonse inali ndi njira yace yosagwirizana ndi ya inzace, ndipo ogula anatopa. M'caka ca 1992 kampani ya Dolby inaturutsa njira imene ichedwa 5.1, ndiyo masipika atatu kutsogolo, awiri kumbali cakumbuyo, ndi imodzi yaikuru ya mau akuya okha okha. Iyi yaikuruyi ikhoza kukhala pa ngodya iri yonse, pakuti khutu silidziwa bwino kumene mau akuya acokera. Ndico cifukwa cace bingu lakutali limveka ngati liri ponse ponse. Mbale za DVD zinalowetsa njirayi m'nyumba za anthu, ndipo bokosi la mnyamata wa ku Joni uja ndi mdzukulu wace.

Cosintha cacikuru cinadza m'caka ca 2012 ndi Dolby Atmos, imene inayamba kumveka m'kanema wochedwa Brave. Kale wosakaniza nyimbo anali kunena kuti, liu ili lipite ku sipika yakuti. Tsopano anena kuti, liu ili likhale pa malo akuti m'cipinda, kumanzere, cakumbuyo, pamwamba pang'ono. Ndipo makina a m'nyumba ya womvera awerenga okha masipika amene alipo, nagawira liulo kuti limveke pamalopo. Wokhala ndi zomvera za m'makutu zokha, makina amnyenga ndi kucedwa kuja ndi kufoka kuja tanena poyamba. Makampani otumiza nyimbo pa intaneti anatengera njirayi, ndipo inadziwika kwa anthu ambiri pamene Apple Music inaiyamba m'mwezi wa June 2021.

Pano tiyenera kunena mosabisa, cifukwa ndalama za ku Joni zipezeka ndi thukuta. Masipika 6 paokha sazinga munthu. Nyimbo zambiri za m'mafoni athu, zimene anyamata a pa msika atiikira pa memori khadi, ziri za mbali ziwiri zokha. Ndipo Bluetooth nayo inyamula mbali ziwiri basi. Ukazipereka ku bokosi lija, lingogawa mau omwewo ku masipika onse, kapena kupeka lokha za kumbuyo. Phokoso licuruka, koma ng'oma siipeza malo ace. Kuti cinthuco cicitike monga ananenera wogulitsa, pafunika unyolo wosaduka. Nyimboyo ikhale yosakanizidwa m'njira yatsopanoyi ndi eni ace. Munthu akhale wolipira mwezi ndi mwezi ku kampani yoitumiza. Kabokosi kolandira nyimbo kalumikizidwe ndi cingwe ca HDMI ku ampulifaya yodziwa Atmos, ndipo mabokosi ambiri ocipa saidziwa. Ndiponso masipika aikidwe mozinga mpando, osati kuwaunjika onse pa kabati pambali pa mbale za nsima, monga tiona m'nyumba zambiri. Masipika ena aponya mau kudenga kuti abwerere kwa womvera ngati ocokera kumwamba. Amenewa afuna siling'i yosalala, ndipo pansi pa malata opanda siling'i, kapena denga la udzu, nchito yao itayika.

Palinso za bandulo ndi magetsi. Nyimbo yotere idya mamegabaiti ngati 350 pa ora limodzi, ndiko kuti madzulo atatu a kumvera atha gigabaiti yathunthu. Ndipo netiweki ikagwedezeka nyimbo iima pakati. Ampulifaya yaikuru siikhuta ndi kasola kakang'ono kochajira foni. Ndipo m'dziko limene madzi analowa m'nyumba mu 2015, nalowanso ndi namondwe Freddy mu March 2023, mwini katundu wa mawaya ambiri ayenera kulingalira kuti adzanyamula ciani poyamba usiku wothawa. Sitinena izi kuti tinyoze makinawo. Wolemba uyu anawamvapo ali oikidwa bwino, ndipo anatembenuka kuceukira kumbuyo, kuyesa kuti munthu walowa ndi ng'oma. Ndi cinthu cokoma ndithu.

Koma kwa akuru aja ofunsa, yankho ndi ili: cacilendo ndi makina, kuzingako ndi kwathu kwakale. Ndipo pali kusiyana kumodzi kumene makina sanakuthe. Iwo afuna kuti womvera akhale pa mpando umodzi wa pakati, osasuntha. Akasendera kukhoma, sipika yapafupi imeza zinzace. Pa nyanga ndi pa likhuba palibe mpando wotere, pakuti womvera ayenda, nabvina, naponyamo liu lace.

Ng'oma za likhuba ndi valimba zikali kulira m'midzi ya m'cigwa cino, ndipo lero alipo maikolofoni ojambula mbali zonse nthawi imodzi, ang'ono okwana m'dzanja, amene Tracey analibe. Wojambula nao akhoza kusunga liu pamodzi ndi malo ace, kuti mdzukulu wokhala ku Johannesburg kapena ku London adzaime pakati pa bwalo la kwao. Za 1958 zija sizingabwezedwe motero. Zina mwa izo zipezeka pa intaneti, ndipo mnyamata wa bokosi uja akhoza kuziitana; koma akauza makina ace kuti azizinge, mau a agogo aja onse, ng'oma, manja ndi akazi obvomera, adzasonkhana pa sipika imodzi ya pakati, ndi masipika a kumbuyo adzakhala cete.