Mafunso ndi Mayankho: Ndani anayamba kulekanitsa katundu, ngongole ndi mpamba?

FUNSO: Aphunzitsi athu amati m'mabuku a bizinesi katundu yense ayenera kufanana ndi ngongole kuphatikiza mpamba. Kodi lamuloli analipanga ndani, nanga linachokera kuti? (Wophunzira wa Fomu 3, Dedza)

YANKHO: Palibe munthu mmodzi amene anakhala pansi n'kulipeka. Linabadwira pa ntchito ya amalonda a ku Italy, m'mizinda ya Florence, Genoa ndi Venice, zaka zoposa 700 zapitazo.

Kulemba chuma pakokha n'kwakalekale. Ku Uruk, dera limene lero lili ku Iraq, anthu ankadinda padongo chiwerengero cha nkhosa ndi barele zaka zoposa 5,000 zapitazo. Koma kumeneko kunali kungowerenga zimene zilipo. Amalonda a ku Italy anali ndi vuto lina. Munthu ankatumiza sitima ku Alexandria kukapikula tsabola, ndalama zake zili zosakaniza: zina za m'thumba mwake, zina za anzake ogawana nawo phindu, zina zobwereka. Sitimayo inkatha miyezi isanabwere. Katundu akafika padoko, mwini malonda ankafuna kudziwa kuti pa zonsezi zakezake ndi ziti. Ndiye anayamba kulemba malonda alionse kawiri, mbali ina kusonyeza kumene chuma chachokera, mbali inayo kumene chapita. Mabuku a kampani ya Farolfi, ya amalonda a ku Florence, a 1299 mpaka 1300, akusonyeza kale njira imeneyi. Chimodzimodzinso mabuku a boma la mzinda wa Genoa a 1340.

Dzina limene mudzalimve kawirikawiri ndi la Luca Pacioli, katswiri wa masamu wa chipani cha Franciscan mumpingo wa Katolika. Mu 1494, ku Venice, anasindikiza buku la masamu lotchedwa Summa de arithmetica, ndipo gawo lina la bukulo linalongosola kasungidwe ka mabuku a malonda. Ambiri amamutcha tate wa owerengera chuma, koma iye mwini anafotokoza kuti akulemba njira imene amalonda a ku Venice ankagwiritsa kale ntchito. Ndipotu Benedetto Cotrugli wa ku Dubrovnik anali atalembako za njirayi mu 1458, kungoti buku lake linadzasindikizidwa mu 1573. Pacioli anapindula ndi makina osindikizira, omwe anali atangofala kumene.

Chimene ine ndimachilemekeza kwambiri m'malangizo ake ndi poyambira. Asanatsegule buku lililonse, wamalonda ayenera kulemba zonse zimene ali nazo, pa tsiku limodzi lomwelo: ndalama, miyala yamtengo wapatali, zovala, zofunda, jinja wa m'nyumba yosungiramo katundu, nyumba, minda, ndi anthu onse amene anamukongola. Akatero alembenso, mosabisa, onse amene iye anawakongola. Chotsala akachotsa ngongolezo ndicho mpamba wake. Lamulo la aphunzitsi anu lagona pamenepo.

Tiyese ndi okala ya mayi wina pamsika. M'mashelufu muli sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira za K400,000. M'kachitini muli K60,000. M'kope muli mayina a anthu amene anatenga zinthu pangongole, zokwana K40,000, ndipo imeneyinso ndi katundu wa okalayo ngakhale ili m'matumba mwa ena. Zonse pamodzi K500,000. Koma mayiwo ali ndi ngongole ya K150,000 ku banki m'khonde ndi ya K50,000 kwa wopikulitsa. Mpamba wawo weniweni ndi K300,000, ngakhale wodutsa panjira angaganize kuti zonse za m'mashelufuzo ndi zawo. Mawa akapikula matumba a shuga a K80,000 pangongole, katundu akwera kufika K580,000, ngongole ikweranso kufika K280,000, koma mpamba ukhala pomwepo. Mbali ziwirizi zikapanda kufanana, ndiye kuti penapake palakwika, ndipo wamalonda afufuze mpaka apapeze.

Ngati kwanu kuli okala kapena benchi ya tomato, pemphani eni ake kuti madzulo ano muwerengere limodzi motere, kenako mudzatilembere zimene mwapeza.