WPA2-Enterprise ndi Zofooka Zake

WPA2-Enterprise ndi njira yotetezera Wi-Fi m'makampani, m'mayunivesite ndi m'maofesi akuluakulu. Nthawi zambiri, aliyense amalowa ndi dzina komanso mawu achinsinsi akeake. Njirayi imatsatira muyezo wa IEEE 802.1X, ndipo seva ya RADIUS ndiyo imalola kapena kukana wofuna kulowa.

Vuto lalikulu limapezeka pa njira yolowera yotchedwa PEAP, yomwe imadalira satifiketi ya seva. Foni kapena kompyuta ikapanda kuikidwa kuti izitsimikizira satifiketiyo, wakuba amangotsegula netiweki yabodza yokhala ndi dzina lofanana ndi la netiweki yeniyeni. Chipangizocho chimalumikizako chokha n'kupereka yankho lake la MS-CHAPv2, lomwe limapangidwa kuchokera ku mawu achinsinsi. Mu 2012, Moxie Marlinspike ndi David Hulton anasonyeza kuti yankholi limathyoledwa mofanana ndi kupeza kiyi imodzi ya DES ya mabiti 56, ntchito yomwe makina apadera ankaimaliza pasanathe tsiku. Njira yakale ya Cisco, LEAP, inagonjetsedwa kale ndi pulogalamu ya asleap.

Pofuna kudziteteza, mabungwe amakakamiza zipangizo zonse kutsimikizira satifiketi ndi dzina la seva, kapena amasamukira ku EAP-TLS, pomwe chipangizo chilichonse chimakhala ndi satifiketi yake m'malo mwa mawu achinsinsi.