Mzinda wa Tete: mmene mtsinje ndi milatho zimalamulira kayendedwe ka anthu

Mzinda wa Tete, likulu la chigawo cha Tete, unamangidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Zambezi. Chipatala chachikulu cha chigawo, maofesi a boma ndi masitolo akale zili kutsidya la kummwera, komwe Apwitikizi anayambira kumanga. Mabairo a Matundo ndi Chingodzi, bwalo la ndege komanso msewu wopita ku Moatize zili kutsidya la kumpoto. Choncho mlimi wochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chiúta amafikira kumpoto, ndipo akafuna chipatalacho kapena ofesi ya boma ayenera kuwoloka mtsinje.

Kwa zaka pafupifupi 40 powolokera panali pamodzi pokha: mlatho wa Samora Machel, womangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, wotalika mamita oposa 700. Anthu oyenda pansi, njinga, machapa ndi magalimoto akuluakulu a katundu a pakati pa Malawi, Zimbabwe ndi doko la Beira ankapanikizana pamlathowu. Migodi ya malasha itakula ku Moatize, anthu ndi magalimoto anachuluka, mizere yodikira kuwoloka nkutalika.

Mu 2014 anatsegula mlatho wachiwiri, wa Kassuende, kumunsi kwa mtsinje, kufupi ndi Benga. Cholinga chake chinali chakuti magalimoto olemera azilambalala pakati pa mzinda. Mlatho wakale unatsalira makamaka magalimoto ang'onoang'ono, njinga zamoto ndi oyenda pansi.

Kamangidwe ka mabairo nakonso kamasankhira anthu choyendera. Pakati pa mzinda misewu ndi yoyalidwa bwino, koma m'mabairo ambiri nyumba zinayamba kumangidwa msewu usanalambulidwe. Chapa imangotsata msewu waukulu, ndipo tinjira tolowa mkati timatheka ndi njinga yamoto kapena miyendo basi. Nchifukwa chake ataxi-mota ndi ochuluka mu Tete. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, komwe kumapitirira madigiri 40, kumachititsanso kuti ulendo wapansi ukhale wowawa masana.

Kwa wobwera ndi matumba a mbatata ya kachewere, nyemba kapena kabichi, zimenezi zimakhudza thumba. Galimoto ikamutsitsa tsidya lina pomwe wogula ali tsidya linalo, katunduyo amalipiridwa kachiwiri, ndipo ndiwo zamasamba zimafota podikira. Ndi bwino kugwirizana ndi dalaivala musananyamuke kumudzi kuti katundu akatsikira tsidya liti komanso pamsika uti.