Ana Akaweruka, Mphunzitsi Amatsala Kuti?

Anthu ambiri akaona ana a sukulu akuweruka dzuwa lili paliwombo amayesa kuti mphunzitsi naye waweruka. Ganizo limeneli nlakale, koma mbiri ya sukulu m'dziko muno siligwirizana nalo.

Sukulu zoyamba zinadza ndi mamishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre anakhazikika mu 1876, ndipo a Dutch Reformed Church anatsegula Mvera mu 1889. Azungu a mishoni anali owerengeka, sakanatha kufika mudzi uliwonse. Tsono amene anasenza sukulu kunka nayo kumidzi anali anyamata a konkuno, ena atangodziwa kuwerenga dzana lomweli. Pofuna kuti asulidwe bwino, Dr Robert Laws anayambitsa Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, ndipo ku Blantyre kunatsegulidwa Henry Henderson Institute mu 1909.

Mphunzitsi wotumidwa kumudzi sankapeza kanthu kokonzeratu. Ankayamba nkukagwada kwa amfumu kupempha malo, kenaka nkulimbikitsa anthu kudula mitengo, kumweta udzu ndi kumata nyumba imene mkati mwa mlungu inali sukulu, tsiku la Sabata nkukhala tchalitchi. Ana sankabwera okha. Mphunzitsi ankayenda khomo ndi khomo kukambirana ndi makolo amene ankaona kuti mwana ngwofunika kubusa kapena kudimba kusiyana ndi pa sileti. Kuwerenga, kulemba ndi masamu zinkangotenga maora ochepa. Ntchito yaikulu inkayamba ana atabalalika.

Kwa amishoni, mphunzitsi analinso mlaliki. Ndiye ankatsogolera mapemphero, kuphunzitsa akuluakulu a kalasi ofuna ubatizo, kuzonda odwala ndi kulalikira pa maliro m'madera amene abusa ankafikako mwa kamodzikamodzi. Pamene amuna anayamba kukhamukira ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, mphunzitsi anasanduka mlembi wa mudzi wonse. Mayi akalandira kalata ya mwamuna wake ankapita nayo kwa aphunzitsi madzulo. Iwo nkumuwerengera, nkulemba yankho pa kuwala kwa moto kapena kwa koloboyi, kenaka nkusunga pamtima zimene amva. Kusunga chinsinsiko nayonso inali ntchito, yolemera ndithu, pakuti makalata otere sankabwera ndi nkhani zokoma zokhazokha. Panalinso kaundula wa ana woti alembedwe bwino woyendera sukulu asanafike, ndi ndalama ya sukulu yoti itoleredwe kwa anthu amene nawonso ankasowa ya msonkho.

Nanga malipiro ake? M'zaka zoyambirira, ndalama zisanafale, antchito a mishoni ankalipidwa nsalu. Pambuyo pake mphunzitsi wa kumudzi ankalandira masheleni ochepa pamwezi, osakwanira kudyetsa banja, kotero kuti khasu silinachoke m'manja mwake. Amishoni ambiri ankaona uphunzitsi ngati maitanidwe a Mulungu, ndipo ntchito ya Mulungu siwerengeredwa maora. Kunena chilungamo, mamishoniwo analinso osauka, ndipo Boma la atsamunda linkangopenya. Thandizo lake loyamba, chisanafike chaka cha 1910, linali mapaundi 1,000 pachaka ogawana mamishoni onse, pamene sukulu zinali kale mazanamazana.

Motero ena anatula pansi choko. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia ali mnyamata, naphunzitsa nthawi yochepa, ndipo mu 1915 anatuluka m'dziko kukafuna ntchito kumwera. Mu 1919, ali ku Cape Town, anayambitsa bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union, lomwe linakula nkukhala bungwe lalikulu la antchito akuda m'South Africa m'zaka za m'ma 1920. Munthu amene sukulu ya kumudzi inalephera kumusunga ndiye anakaphunzitsa onyamula katundu padoko kuwerengera mtengo wa thukuta lawo.

Boma linadzidzimuka mu 1924, pamene nthumwi za Phelps-Stokes Fund, zotsogoleredwa ndi Dr Thomas Jesse Jones, zinayendera Nyasaland nkupeza kuti silikuchitapo kanthu kokwanira pa maphunziro. Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1929 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre ku Domasi. Koma apa katundu sanapepuke. Nzeru ya Jeanes, yochokera ku sukulu za anthu akuda a kumwera kwa America, inali yoti mphunzitsi akhale wotukula mudzi. Aphunzitsi osankhidwa ankapita ku Domasi pamodzi ndi akazi awo. Pobwerera, mwamuna ankayendera sukulu zingapo, kulangiza anzake ndi kuphunzitsa anthu za zimbudzi, zitsime ndi ulimi. Mkazi ankasonkhanitsa amayi kuwaphunzitsa kusoka, ukhondo ndi kulera ana. Nyumba ya mphunzitsi inayenera kukhala chitsanzo: bwalo losesa, ana osamba, dimba looneka bwino. Zimene kale zinkachitika mwachifundo tsopano zinalowa m'ndondomeko, ndipo mayi wa m'nyumbamo anawerengeredwa kumodzi. M'mbiri ya maphunziro amayi amenewa satchulidwa kawirikawiri.

Ufulu utadza mu 1964, ntchito ya ulaliki inanka nichoka pamapewa pa mphunzitsi, koma m'malo mwake munalowa zina: kukonzekera maphunziro a mawa polemba, kuchonga makope, masewera, kwaya, ndi kuphunzitsa madzulo ana a Sitandade 8 olimbirana malo ochepa a ku sekondale. Mu 1994, Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Analembedwa ntchito aphunzitsi pafupifupi 20,000 osapita ku koleji, ndipo ambiri anadzaphunzira uphunzitsiwo ali kale pantchito, kuwerenga mabuku awo madzulo ndi patchuthi. M'makalasi ang'onoang'ono ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi sichinali chachilendo. Mphunzitsi wotere akapereka ntchito ya masamu, ya Chichewa ndi ya Chingerezi tsiku limodzi, ankakhala ndi makope 300 omudikira, ena nkuwamangirira panjinga kukachongera kunyumba.